Mwala ukamalira pa Geiger counter ndiye kuti pansipo pali yureniyamu?

Kamwala

Moni akuluakulu nonse muno. Ndine wophunzira wa geology (maphunziro a miyala ndi nthaka) chaka chachiwiri, nde ndili ndi funso lomwe landisowetsa mtendere kuyambira sabata yatha. Tinapita kukaona matanthwe ndi aphunzitsi athu, ndiye anatibwereka ka Geiger counter kakang'ono kuti tizisinthana, kachipangizo kolira kakamva radiation, cheza chosaoneka ndi maso chomwe miyala ina imatulutsa. Poyenda pa dothi wamba kamangoti tiki... tiki... mwa apo ndi apo, koma titafika pa thanthwe lina la granite, lija lokhala ndi timadontho ta pinki ndi takuda, nditangokagunditsa pamwalapo kanayamba kulira motsatizana, manambala anakwera mwina katatu kuposa pomwe tinayambira. Anzanga ena mpaka anakuwa kuti tapeza yureniyamu. Aphunzitsi anangopukusa mutu nkunena kuti tikakambirana mkalasi, koma sitinakumane nawobe chifukwa ali paulendo.

Nde chonde ndithandizeni. Kulira kumeneko kukutanthauza kuti pansipo pali yureniyamu woti nkukumba? Ndipo ngati kupeza kwake nkosavuta chonchi, bwanji makampani amaulutsa ndege, kenako nkuboola pansi zaka ndi zaka, mapeto ake nkulongedza katundu osatsegula mgodi? China, ndinaswa kachidutswa ka mwalawo kukula ngati chibakera ndipo kali pawindo kuchipinda komwe ndimagona, mnzanga wogona naye akuti ndikataye tingadwale. Zoona?

Mkumbamigodi

Achimwene a Kamwala, funso lanu ndi labwino ndipo aliyense amene anagwirako kachipangizo kameneko koyamba mtima unamugunda chimodzimodzi. Ine ndagwira ntchito yofufuza miyala kwa zaka zambiri ndithu, nde ndikuyankhani motalikirapo, mupirire.

Choyamba dziwani kuti yureniyamu ali paliponse. Mwala wamba wa padziko pano, mukautenga tani imodzi, mumakhala yureniyamu magalamu 2 kapena 3. Mu granite mumakhala ochulukirapo pang'ono, ngakhale m'madzi a m'nyanja yamchere alimo. Nde funso la wofufuza silikhala lakuti "alimo kodi", limakhala lakuti ndi pati pomwe chilengedwe chinamuunjika kuchulukitsa ka 100 kapena ka 1,000 kuposa mwala wamba.

Chachiwiri, ka Geiger kanuko sikadziwa kusiyanitsa. Kamangowerenga chilichonse chomwe chakagunda. M'miyala muli zinthu zitatu zomwe zimatulutsa radiation yambiri: potaziyamu, thorium ndi yureniyamu. Timadontho ta pinki mwatchulato ndi feldspar yokhala ndi potaziyamu, ndipo kagawo kochepa kwambiri ka potaziyamu aliyense, kotchedwa potassium-40, kamatulutsa cheza cha gamma, mtundu umodzi wa radiation. Komanso mu granite mumakhala timiyala tating'onoting'ono ta monazite ndi zircon tomwe timasunga thorium ndi yureniyamu pang'ono. Mukaphatikiza zonsezi, granite kulira kawiri kapena katatu kuposa dothi ndi zachizolowezi basi. Mukadzaona mwalawo pa maikulosikopu muyang'ane mu biotite, timadontho takuda ta mu granite, mudzapeza timizere takuda tozungulira ka zircon ngati diso, kumeneko ndi kupsa kwa zaka mamiliyoni chifukwa cha radiation yochokera mu kamwalako. Ndi zokongola kwambiri kuziona.

Ndege zija zimanyamula spectrometer, makina osiyanitsa gamma potengera mphamvu yake. Ya potaziyamu imaoneka pa 1.46 MeV (MeV ndi muyeso wa mphamvu ya chezacho), ya banja la yureniyamu pa 1.76, ya banja la thorium pa 2.62. Taonani ndati "banja". Apa ndi pomwe ambiri amasochera. Yureniyamu mwini wake satulutsa gamma wamphamvu woti ndege nkumuona. Uranium-238, mtundu wa yureniyamu wopezeka kwambiri, amasintha pang'onopang'ono, theka lake limatha pa zaka pafupifupi 4.5 biliyoni, ndipo amadutsa masitepe 14 kuti afike pa mtovu. Pakati pa njirapo pali radium, kenako radon, kenako bismuth-214, ndiye makina amaona bismuth ameneyu, mdzukulu wa mdzukulu. Nchifukwa chake pa mapu amalemba eU, kutanthauza kuti tikungoyerekeza kuchuluka kwa kholo potengera zidzukulu zomwe taona.

Nanga kholo likasamuka nkusiya zidzukulu? Izi zinandichitikira ine ndemwe. Tinapeza malo ena m'mbali mwa dambo pomwe scintillometer, makina ena oyezera gamma, inkachita kukuwa, dothi lake lofiira ngati dzimbiri, lonyowa. Tinakumba ngalande masiku atatu, aliyense mtima uli m'mwamba, tinatumiza masampulo ku labu nkudikira milungu ingapo. Zotsatira zitabwera yureniyamu anali wochepa zedi. Chomwe chinkalira anali radium yemwe anakanirira mu dzimbiri lija, yureniyamu madzi anamukokolola kalekale. Zimachitikanso mosemphanitsa: yureniyamu yemwe wangounjikana kumene, kumene kwa ife a miyala ndi zaka masauzande angapo, amakhala chete ndithu chifukwa zidzukulu sizinachuluke, pamafunika zaka miliyoni imodzi kapena kuposa kuti banja lonse likwanirane.

Onjezerani apo kuti gamma sadutsa dothi lambiri. Zomwe ndege imaona ndi za pamwamba, masentimita 30 mpaka 50 basi. Mvula ikagwa dothi nkunyowa manambala amatsika. Mgodi wabwino utakwiririka ndi mchenga wa mamita awiri okha ndege imadutsa osamva kanthu.

Chinsinsi chenicheni cha yureniyamu ndi madzi. Akakumana ndi madzi okhala ndi okosijeni amasungunuka nkumayenda nawo. Akafika pamalo opanda okosijeni, monga pomwe pali zinyalala za mitengo yakalekale, malasha, kapena pyrite (mwala wa chitsulo ndi sulfa), amagwa nkukhazikika ngati miyala ya yureniyamu yotchedwa uraninite kapena coffinite. Nde granite nthawi zambiri amakhala ngati gwero chabe. Mvula imamutsuka zaka mamiliyoni, madzi aja amalowa mu sandstone, mwala wa mchenga wokhala ndi timipata, nkumayenda pansi mpaka atakumana ndi chomwe chiwalande okosijeni. Pamenepo mpomwe pamapangika mgodi, nthawi zina makilomita ambirimbiri kuchoka pa granite yemwe anaupereka. Ife tikamaboola timayang'ana mtundu wa mwala m'mabokosi a core, mwala womwe umatuluka mu dzenje tikamaboola. Umayamba wofiira kapena wachikasu, mita ndi mita, kenako mwadzidzidzi nkusanduka wotuwa, uli ndi timakala takuda. Pamalire pa mitundu iwiriyo ndi pomwe ndimagwada nkuyendetsa makina pang'onopang'ono. Migodi ya ku Kazakhstan, Wyoming ku America, Arlit ku Niger, ngakhale Kayelekera ku Karonga, yonse ili mu sandstone. Ku Kazakhstan, komwe kumachokera pafupifupi 40 peresenti ya yureniyamu wokumbidwa padziko lonse, sakumba nkomwe dzenje, amapopera madzi a asidi pansi, yureniyamu nkusungunuka, iwo nkumupopa pa chitsime china.

Nde musataye mtima ndi thanthwe lanulo, koma mudzifunse kuti madzi ochoka pamenepo ankapita kuti.

Nyenyezi_yammawa

A Mkumbamigodi mwafotokoza bwino koma pa granite ndikutsutsani pang'ono. Mwayankhula ngati granite sangakhale mgodi, nanga Rössing ku Namibia? Mgodi umene uja ukukumbidwa kuyambira 1976 ndipo mwala wake ndi mtundu wa granite womwe amati alaskite, woyera uja. Husab pafupi pomwepo ndi chimodzimodzi. Nde mwanayu tisamuuze kuti granite ndi gwero basi, angadzadutse pa chuma ali ndi maso. Komanso ku Namibia komweko kuli Langer Heinrich komwe yureniyamu ali pamwamba penipeni mu mtsinje wakale wouma, wachikasu uja amati carnotite, oti ukhoza kumuona ndi maso. Sikuti zonse zimabisala pansi ayi.

Mkumbamigodi

Mwalasa achemwali, ndavomera. Ndinati nthawi zambiri, koma ndimayenera kutchula Rössing. Chomwe chinachitika kumeneko nchakuti miyala inasungunuka pang'ono pansi patali, ndipo yureniyamu sakonda kulowa mu timiyala toyamba kuuma, amatsalira mu chiphalaphala chomaliza, nde chomalizacho chikauma chimakhala ndi wambiri kuposa granite wamba. Koma taonani manambala. Rössing ndi pafupifupi 0.03 peresenti, kutanthauza magalamu 300 pa tani. Mgodiwo umayenda chifukwa mwalawo ndi wochuluka koopsa, uli pamtunda, ndipo yureniyamu wake wambiri ali mu uraninite yemwe asidi amamusungunula mosavuta. Yureniyamu akakhala kuti watsekeredwa mu zircon, olo atachuluka bwanji, kumutulutsa kumadya ndalama kuposa zomwe mungapeze. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe makampani amalongedzera katundu: chinthucho chilipo ndithu koma sichikutuluka, kapena nchochepa, kapena mtengo pamsika watsika monga zinachitikira pambuyo pa ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima ku Japan mu 2011 pomwe migodi ingapo inaima.

Tsopano yerekezani ndi Canada. Ku Athabasca Basin, m'chigawo cha Saskatchewan, kuli Cigar Lake komwe mwala wake uli ndi yureniyamu pafupifupi 15 peresenti. Sindinalakwitse kulemba, 15. Koma uli pansi mamita opitirira 400 ndipo pamwamba pake mutayenda ndi ka Geiger kanu simungamve chachilendo chilichonse. Anaupeza mu 1981, koma kukumba kwenikweni kunayamba mu 2014, chifukwa mwala wozungulira ndi wofewa komanso wodzaza madzi, mpaka amachita kuumitsa nthaka ndi makina oziziritsa nkumaswa mwalawo ndi madzi amphamvu, anthu ali patali. Zaka 33 kuchoka pa kupeza kufika pa kugulitsa.

Nanga amaupeza bwanji ngati sulira? Amasaka zinthu zomwe zimayenda naye. Migodi ya kumeneko imakhala pamalire pomwe sandstone wagona pamwamba pa matanthwe akalekale, makamaka pomwe pali ming'alu yokhala ndi graphite. Graphite amadutsitsa magetsi, nde ndege imakoka waya wotumiza mphamvu ya magetsi pansi nkujambula mizere ya graphite, kenako oboola amatsata mizereyo. Migodi ina yoyambirira anaipeza potsata miyala yolira yomwe madzi oundana akale anaiguza nkuimwaza, iwo nkumabwerera mmbuyo mpaka komwe inachokera. Olympic Dam ku Australia, komwe kuli yureniyamu wambiri kuposa mgodi wina uliwonse wodziwika, anaipeza mu 1975 akusaka mkuwa, pogwiritsa ntchito kuyeza maginito ndi kulemera kwa miyala, pansi pa miyala ina yokwirira ya mamita opitirira 300. Geiger sinathandizepo kanthu.

Ena amayeza radon mu dothi, ena amatunga madzi a m'zitsime ndi matope a m'mitsinje nkukayeza ku labu. Koma mapeto a zonse ndi kuboola basi, nkutsitsa probe, kachipangizo koyezera gamma, mu dzenjemo, nkutumiza mwala ku labu kuti chemistry itsimikize zomwe gamma wanena. Maenje ambiri amatuluka opanda kanthu, ntchito yake ndi yotero.

Mayi_wakulabu

Ine ndiyankhe za kamwala kali pawindoko chifukwa anzanga mwatengeka ndi migodi mwaiwala kuti mwanayu akugona ndi mantha.

Kachidutswa ka granite wamba kukula ngati chibakera sikangakudwalitseni. Nyumba zambiri padziko zinamangidwa ndi granite, anthu amaikanso pa matebulo. Munthu aliyense amalandira radiation ya chilengedwe pafupifupi 2 mpaka 3 mSv pa chaka (mSv ndi muyeso wa radiation yomwe thupi lalandira), kuchokera m'nthaka, mumlengalenga, ngakhale mu potaziyamu wa m'thupi mwake momwe. Tengani ka Geiger kaja muyeze mutagunditsa pa kamwalako kenako musunthe mita imodzi, muona nokha kuti manambala abwerera mwakale.

Koma sindikufuna muchoke muno mukuganiza kuti zonsezi ndi zoseweretsa. Mwala weniweni wa yureniyamu, monga pitchblende wakuda wolemera uja, kapena yachikasu ndi yobiriwira yonyenyeka ngati autunite ndi torbernite, imeneyo siyosunga kuchipinda chogona. Vuto lalikulu silikhala cheza chokugunda kunja kwa khungu, alpha, mtundu wa radiation womwe yureniyamu amatulutsa, amatchingidwa ndi pepala chabe. Vuto ndi zikalowa mkati, fumbi lake mukalipuma kapena kudya osasamba m'manja. Ndipo chachikulu kwambiri ndi radon. Ameneyu ndi mpweya, alibe fungo alibe mtundu, theka lake limatha pa masiku 3.8, amatuluka m'miyala ndi m'nthaka nkulowa m'nyumba kudzera m'ming'alu ya pansi, ndipo nyumba ikakhala yotsekeka amaunjikana. Tizidutswa tomwe amasiya timakanirira m'mapapo nkumawotcha ndi alpha pomwepo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limaika radon m'gulu la zoyambitsa khansa ya m'mapapo zikuluzikulu pambuyo pa fodya, ndipo limalangiza kuti m'nyumba asapitirire 100 Bq pa kiyubiki mita ya mpweya (Bq ndi muyeso wa kuchuluka kwa radiation yotuluka). Wosuta fodya yemwe akupumanso radon ndiye ali pachiopsezo chachikulu zedi, ziwirizi zimathandizana.

Izi sitinaziphunzire m'buku chabe, anthu anafa. Okumba siliva ku Schneeberg ku Germany ndi ku Jáchymov ku Czech Republic ankafa ndi matenda a pachifuwa kwa zaka mazana, anthu nkumangoti ndi matenda a m'phiri, mpaka mu 1879 madokotala atazindikira kuti ndi khansa ya m'mapapo. Ku Jáchymov komweko nkomwe kunachokera pitchblende yemwe Marie ndi Pierre Curie anapezamo radium mu 1898. Ngakhale zinali zodziwika choncho, anthu a mtundu wa Navajo ku America anatsitsidwa m'migodi ya yureniyamu m'ma 1950 mopanda mafani okwanira otulutsa mpweya, ndipo ambiri anadwala khansa yomweyo. Zimandipweteka ndikaganiza kuti chomwe chinkafunika kwambiri ndi mphepo yoyenda basi.

China chomwe anthu amaiwala ndi madzi akumwa. Monga anenera a Mkumbamigodi, yureniyamu amayenda ndi madzi, nde chitsime chobooledwa mu granite kapena sandstone wina chikhoza kukhala naye ngakhale kulibe mgodi uliwonse pafupi. Pamenepo amavulaza impso ngati chitsulo cha poizoni, radiation yake imabwera pambuyo. Mlingo wa WHO ndi ma microgram 30 pa lita. Ka Geiger sikangakuuzeni zimenezi, pamafunika labu. Inu amene mukuphunzira ntchitoyi, mukadzayamba kuboola mudzaonetsetse kuti maenje mukuwatseka bwino mukamaliza, chifukwa dzenje losiyidwa lotsegula limalumikiza madzi a pamwamba ndi a pansi omwe chilengedwe chinawalekanitsa, komanso mudzayeze madzi a anthu a pamalopo musanayambe ntchito kuti pasadzakhale kulozana zala.

Mphunzitsi_wopuma

Ndangowerenga zonse ndipo ndasangalala. Ndingowonjezera kamodzi pa nkhani ya okosijeni ija chifukwa ine mpomwe pamandidabwitsa mpaka lero. Ku Witwatersrand ku South Africa, m'miyala yomwe amakumbamo golide, muli timchenga ta uraninite tozungulira bwinobwino, tooneka kuti tinagubuduzika mumtsinje ngati nsangalabwi. Lero zimenezo nzosowa kwambiri, uraninite atagwera mumtsinje amasungunuka. Ndiye kuti nthawi imeneyo, zaka pafupifupi 3 biliyoni zapitazo, mumpweya munalibe okosijeni wokwanira. Elliot Lake ku Canada ndi chimodzimodzi. Okosijeni atachuluka cha m'ma 2.4 biliyoni zapitazo mpomwe yureniyamu anayamba kuyenda ndi madzi nkumaunjikana malo amodzi.

Ndipo zitatero kunachitika zodabwitsa ku Oklo m'dziko la Gabon. Mu 1972 akatswiri a ku France poyeza yureniyamu wochokera kumeneko anapeza kuti uranium-235, mtundu wa yureniyamu womwe umayatsa moto wa nyukiliya, ndi 0.717 peresenti m'malo mwa 0.720 yomwe imapezeka kwina kulikonse. Kusiyana kwakung'ono chonchi munthu wina akanangoti makina alakwitsa, koma iwo anafufuza, nkupeza kuti zaka pafupifupi 2 biliyoni zapitazo mgodiwo unayaka wokha ngati reactor, ng'anjo ya nyukiliya. Nthawi imeneyo uranium-235 anali cha m'ma 3 peresenti, chifukwa iye amatha msanga kuposa mnzake uranium-238, theka lake pa zaka 704 miliyoni. Madzi a pansi akalowa moto wa nyukiliya unkayamba, akawira nkuuma unkazima, akabwerera nkuyambanso, kwa zaka masauzande mazanamazana. Lero sizingachitikenso chifukwa 235 watsala wochepa.

Kamwala

Zikomo kwambiri nonse, sindimayembekeza mayankho ozama chonchi. Dzulo ndinapita ndi kamwala kaja kwa mkulu woyang'anira labu yathu, anali ndi spectrometer ya m'manja yomwe ine sindimadziwa nkomwe kuti ilipo. Anati kachidutswako nkakang'ono kwambiri kuti makina apereke manambala odalirika, nde tinapita limodzi pa thanthwe lomwe lija madzulo, tinaika makinawo pamwala nkudikira mphindi zisanu. Potaziyamu anatuluka wokwera, thorium nayenso, yureniyamu anali pang'ono chabe monga munanenera. Ndinayesanso zija anena a Mayi_wakulabu, ndikasuntha mita imodzi kuchoka pa kachidutswako ka Geiger kamabwerera pa tiki tiki wake wakale, mnzanga uja anaona yekha ndipo mtima wake wakhala pansi.

Chomwe ndinaona chatsopano nchakuti kumunsi kwa thanthwelo, komwe kumatsikira madzi, kuli sandstone wotuwa wokhala ndi timizere takuda ngati makala, tsiku loyamba lija tinangomudutsa osamuyang'ana nkomwe. Pamwamba pake makina sanaonetse chachilendo. A Mkumbamigodi, ngati mungapeze mpata, pamalo ngati amenewo munthu wopanda ndalama zoboolera angayambe ndi chani, kutenga matope a mumtsinje kapena madzi a pa kasupe? Ndipo sampulo ya madzi imasungidwa bwanji kuti isasinthe isanafike ku labu?

Mkumbamigodi

Yambani ndi mapu ndi miyendo yanu. Tsatani sandstone ameneyo mumtsinje momwe madzi anamusenda, muzilemba paliponse pomwe mtundu ukusintha kuchoka kofiira kupita kotuwa, ndi pomwe pali timakala, muziyeza pamenepo komanso pamalo wamba kuti mukhale ndi poyerekezera. Madzi a pa kasupe ndi abwino kuposa matope pa ntchito imeneyi. Botolo likhale la pulasitiki loyera, mulitsuke katatu ndi madzi a pakasupe pomwepo, musefe madziwo, ndipo a ku labu akupatseni timadontho ta nitric acid toti muthiremo kuti yureniyamu asakanirire m'mbali mwa botolo. Lembani tsiku, malo, komanso ngati kunagwa mvula. Ndipo musanayambe kutola masampulo pamalo a eni, pemphani kaye chilolezo kwa eni malowo komanso mudutse kwa aphunzitsi anu akabwera.